Khola lochiritsa akavalo ofooka ku Angónia: kudyetsa amakudziwa, koma pa za ana akuthamanga

Aliyense woyenda msewu wa N304 kuchoka ku Mussacama kulowera ku Calómuè amadziwa kuti kuno ku Angónia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, zokoka ngolo ndi ng'ombe ndi abulu. Kavalo ndi mlendo. Ochepa amene alipo ndi otsalira m'mafamu, ena anagulidwa kutali ndi anthu ongofuna chiweto chokongoletsa pakhomo, amene anadzazindikira mochedwa kuti kavalo sadya ngati ng'ombe. Mapeto ake amamangiriridwa pamtengo kuseri kwa nyumba, nthiti zili mbee, ziboda zitapindikira m'mwamba ngati nsapato yothaitha. Khola limene tikulikamba pano lili kunja pang'ono kwa Ulónguè. Limatenga akavalo otere, ndi abulu omwe, n'kuwasunga miyezi ingapo mpaka atabwerera m'thupi, kenako n'kuwaphunzitsa kunyamula ana olumala pa chithandizo chimene pa Chipwitikizi amati equoterapia. Mwini chiweto, kapena gulu limene lachiwombola, amalipira pamwezi. Choncho ntchito zawo ndi ziwiri, kuchiritsa ndi kuphunzitsa. Yoyambayo amaigwira mwaluso ndithu. Yachiwiriyo amaithamangira.

Chiweto chopanda chikalata choyendera, guia de trânsito, chochokera ku SDAE, ofesi yoona za ulimi ndi ziweto m'boma limene chikuchokera, sachilandira. Apa achita bwino, chifukwa matenda ambiri a ziweto amayenda pa lole usiku. Kwa kavalo wochokera kumunsi, monga ku Moatize kapena mumzinda wa Tete, amalangiza kunyamuka m'bandakucha. Ulendowo ndi wa makilomita oposa 200, ndipo mu Okutobala ndi Novembala kutentha kwa m'chigwa cha Zambezi kumapitirira madigiri 40. Kavalo wofooka akagwa m'lole sadzuka yekha. Akafika amamuika m'chipinda chakechake masiku 21, ndi chidebe chake, burashi yake, chingwe chake, ndipo m'mawa ndi madzulo amamuyeza. Thupi la kavalo wabwinobwino limatentha pakati pa madigiri 37.5 ndi 38.5, mtima umagunda ka 28 mpaka ka 44 pa mphindi, ndipo amapuma ka 8 mpaka ka 16. Manambalawa amawalemba m'kope lopachikidwa pakhomo la chipindacho, moti wosamalira wa usiku amaona zimene wa masana anapeza.

Sikelo yoyezera ziweto alibe, komabe sayerekeza ndi maso. Amatenga tepi yonga ya atelala n'kuzunguliza chifuwa kuseri kwenikweni kwa miyendo yakutsogolo, kenako n'kuyeza kuchokera pansonga ya phewa kukafika pansonga ya thako. Nambala ya chifuwa amaichulukitsa ndi iyo yomwe, n'kuchulukitsanso ndi ya kutalika, n'kugawa ndi 11,877. Kavalo wa chifuwa cha masentimita 160 ndi kutalika kwa masentimita 150 amatuluka makilogalamu 323. Nambala imeneyi si yokongoletsa kope ayi: chakudya, mankhwala a nyongolotsi, ngakhale kulemera kwa mwana amene adzakwere, zonse zimachokera pamenepa. Kunenepa amakuyeza pa muyeso umene Don Henneke anakonza ku yunivesite ya Texas A&M mu 1983, woyambira 1 kulekeza 9. Amapapasa khosi, pamwamba pa mapewa, nthiti, msana ndi potulukira mchira. Wa 1 ndi mafupa okhaokha, wa 5 ndiye woyenera, nthiti zosaoneka koma zomveka mukasisita ndi dzanja. Amene amabwera kuno ambiri amakhala a 1 kapena 2.

Mtima wa ntchito yawo uli pa masiku khumi oyamba, ndipo ndalama yanu ikugula chimenechi. Munthu wachifundo akaona kavalo wa mafupa okhaokha amathamangira beseni la madeya kapena chimanga. Kavaloyo amadya mosangalala, tsiku loyamba ndi lachiwiri amaoneka ngati watsitsimuka, koma pakati pa tsiku lachitatu ndi lachisanu amayamba kunjenjemera, kupuma movutikira, kenako n'kugwa. Anthu amati wamulodza kapena anabwera atadwala kale. Chimene chamupha ndi chakudyacho. Thupi limene lakhala miyezi likudzidya lokha limakhala litatha michere ya phosphorus, potassium ndi magnesium. Chakudya cha sitachi chikalowa mwadzidzidzi, shuga amakwera m'magazi, insulin amatuluka wambiri n'kukokera michere yotsalayo m'kati mwa maselo. Magazi amatsala opanda kanthu, mtima ndi minofu yopumira n'kulephera.

Kholali limatsatira ndondomeko imene inayesedwa ku yunivesite ya California ku Davis. Masiku atatu oyamba kavalo wamkulu amalandira theka la kilogalamu la msipu wouma wa lucerne maola anayi alionse, usana ndi usiku, kasanu ndi kamodzi patsiku. Kuyambira tsiku lachinayi amawonjezera muyeso pang'onopang'ono uku akuchepetsa maulendo, kuti pofika tsiku lachisanu ndi chimodzi azidya pafupifupi makilogalamu awiri maola asanu ndi atatu alionse. Likadutsa tsiku lakhumi ndi pamene amamusiyira msipu wochuluka monga angathere. Madzi oyera amakhalapo nthawi zonse, mchere amayamba ndi wapachala. Chimanga, madeya, molasesi, zonsezi n'zoletsedwa. Kwa kavalo wamng'ono thupi amachepetsa miyeso monga mwa kulemera kwake.

Kuzilemba n'kosavuta, kovuta ndi 2 koloko usiku mu Julayi, chisanu cha ku Angónia chikuluma zala. Pa ola limenelo wosamalira amabwera ndi tochi, amapachika kathumba pa sikelo ya mbedza yonga yoyezera nyemba pamsika, amachotsamo kamsipu kamene kapitirira, n'kukhuthulira zotsalazo m'chodyeramo. Theka la kilogalamu ndi kamtolo kongodzaza manja awiri. Kavalo amamaliza msangamsanga n'kuyamba kugogoda chidebe ndi chiboda, akuyang'ana munthuyo m'maso. Wosamalirayo amalemba m'kope n'kutembenuka kumapita. Ambiri amene amayesa kuchiritsa kavalo kunyumba amagonja pamenepa, ndipo anyamata a pakholali sagonja. Alendo obwera ndi zitsononkho za chimanga chachiwisi amauzidwa mwaulemu kuti, "Pepani amayi, uyu sitimupatsa, musiyireni bulu uyo."

Lucerne sagulitsidwa pamsika wa Ulónguè, ndiye amalima wawo m'dimba lothirira n'kumuumitsa pamthunzi. Akachepa amasakaniza ndi masamba ouma a mtedza ndi udzu wa Rhodes. Masamba a mtedza ndi abwino, koma afunika kununkhiza mtolo uliwonse: akamveka fungo la chinyezi, kapena akatuluka fumbi lotuwa powagwedeza, ndi chuku chimenecho, otaya. Pa chimanga chowola, chija timasankha pokolola n'kumati n'cha ziweto, malamulo awo ndi okhwima ndipo akulondola. Chuku cha m'chimanga chotere chimatulutsa poizoni wa fumonisin amene amawononga ubongo wa kavalo. Amayamba kuyenda mozungulirazungulira, kukankha khoma ndi mutu, kuchita khungu, ndipo akafika pamenepo nthawi zambiri palibenso chochita.

Pamene tikutsutsana nawo pa chakudya ndi pa madeya. Ikadutsa sabata yachitatu kapena yachinayi amayamba kuwadalira kwambiri, chifukwa ndi otsika mtengo ndipo chigayo chilichonse chili nawo. Kavalo amanenepadi, mwini wake n'kusangalala. Vuto ndi lakuti madeya ali ndi phosphorus wambiri koma calcium wochepa zedi, pamene kavalo amafuna calcium woposa phosphorus, pafupifupi magawo awiri pa gawo limodzi. Zikatembenuzika kwa miyezi, thupi limasungunula mafupa ake kuti lipeze calcium. Mafupa a kumaso amafufuma pakati pa maso ndi mphuno, mano amagwedera, kavalo amatsimphina lero mwendo uwu, mawa winawo. Udzu wina wa m'madera otentha, monga kikuyu ndi setaria, umawonjezera vutoli chifukwa uli ndi oxalate amene amamanga calcium kuti asalowe m'thupi. Mankhwala ake ndi otchipa: laimu wa ziweto, calcium carbonate, magalamu 20 mpaka 25 pa kilogalamu iliyonse ya madeya. Osati laimu wopaka nyumba, ameneyo amawotcha m'kamwa. Pakholali amathira laimuyo akakhalapo, akatha amangopitiriza madeya okhaokha. Ngati kavalo wanu ali kumeneko, gulani thumba lanu mukawasiyire. Ndipo madeyawo asapitirire kilogalamu imodzi pa kudya kumodzi kwa kavalo wa msinkhu uwu, chifukwa chifu chake n'chaching'ono, cha malita 8 mpaka 15, ndipo kavalo sasanza. Chakudya chenicheni chikhale udzu, makilogalamu awiri pa makilogalamu 100 alionse a thupi lake patsiku, ndi madzi malita 25 mpaka 50 malinga ndi nyengo. Kubwerera m'thupi kumatenga miyezi itatu mpaka isanu. Wokulonjezani mwezi umodzi akukulonjezani madeya.

Za mankhwala amasamala bwino. Sapereka a nyongolotsi tsiku lofika, amadikira kaye masabata awiri kuti m'mimba mukhazikike, chifukwa nyongolotsi zambiri zikafera kamodzi zimatseka matumbo kapena kuwatupitsa. Amayamba ndi fenbendazole, mamiligalamu 7.5 pa kilogalamu kwa masiku asanu, kenako ivermectin wa m'kamwa, mamiligalamu 0.2 pa kilogalamu. Ndowe sayezetsa, ndipo n'chosowa chimenecho, popeza nyongolotsi za akavalo m'maiko ambiri zinazolowera fenbendazole, ndipo popanda kuwerenga mazira m'ndowe simungadziwe ngati wagwira. Chimene chinatikondweretsa ndi chakuti m'kabati mwawo mankhwala a ng'ombe ndi a akavalo ali m'mashelefu osiyana. Dibi wa amitraz, amene alimi a ng'ombe amamudalira pa nkhupakupa, kwa kavalo ndi poizoni: matumbo amaima, ndowe zimauma m'mimba, mimba n'kutupa. Ivermectin wa jakisoni wa ng'ombe sabayidwa mu mnofu wa kavalo chifukwa pobayapo pamatha kuwola. Chakudya cha nkhuku kapena cha ng'ombe chokhala ndi mankhwala a monensin chimapha mtima wa kavalo ngakhale atadya pang'ono. Diminazene, amene amabaya ng'ombe yolumidwa ndi kashembe, kavalo samupirira bwino, choncho kavalo wochokera kumadera a kashembe amene akuwondabe ngakhale akudya ayezedwe magazi ndi dokotala wa ziweto, osangomubaya. Zonsezi anyamata a pakholali amazinena pamtima. Nkhupakupa amazichotsa tsiku ndi tsiku m'makutu, pansi pa mchira ndi pakati pa miyendo, ndipo amatembenuza chikope kuona ngati m'kati mwachita chikasu kapena mwayera, chizindikiro cha matenda a m'magazi obwera ndi nkhupakupa. Katemera wa kafumbata amabaya kawiri motalikirana masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi, wa chiwewe kamodzi pachaka.

Pali nthenda imodzi imene sanaikonzekere mokwanira, ndipo ndi imene ingathe khola lonse pa sabata imodzi: African horse sickness, pa Chipwitikizi peste equina africana. Imafalitsidwa ndi tizilombo touluka ta mtundu wa Culicoides, tating'ono kuposa udzudzu, ta milimita imodzi mpaka itatu, timene timaswana m'matope osakanikirana ndi ndowe ndipo timaluma kwambiri dzuwa likamalowa ndi likamatuluka. Nthawi yoopsa ndi kumapeto kwa dzinja, Febuluwale mpaka Epulo. Kavalo amatentha thupi, timaenje ta pamwamba pa maso timatupa, ena amatuluka thovu m'mphuno n'kufa tsiku lomwelo. Mwa akavalo khumi osabayidwa katemera amene aigwira, amatha kufa asanu ndi anayi. Abulu a kuno samva nayo kwenikweni, n'chifukwa chake anthu ozolowera abulu amaipeputsa.

Katemera amabaya, wa ku Onderstepoort ku South Africa, wa mabotolo awiri obayidwa motalikirana masiku osachepera 21 mvula isanayambe, ndipo amadziwa kuti kavalo amene wangofika kumene ali wofooka sabayidwa. Koma katemera yekha sakwana. Kachilombo koyambitsa nthendayi kali ndi mitundu isanu ndi inayi, m'mabotolomo muli isanu ndi iwiri, ndipo katemerayu ndi wamoyo, akatenthedwa pa ulendo kapena m'firiji yozima magetsi amatha mphamvu popanda chizindikiro. Chitetezo china ndi khoma. Kavalo azilowa m'khola maola awiri dzuwa lisanalowe, azituluka maola awiri litatuluka, ndipo mazenera atchingidwe ndi neti yothithikana yonga ya mthunzi wa nazale, yopoperedwa mankhwala, chifukwa neti ya udzudzu tizilomboti timaibowoleza. Pakholali pakati pa khoma ndi denga pali mpata wolowa mkono, ndipo anyamata amatulutsa akavalo m'mamawa mame asanakamuke monga amachitira ndi ng'ombe. Kuseri kwa khola, pamene madzi a m'zidebe amatayidwa, pali chithaphwi chosauma. Zonsezi n'zokonzeka ndi ndalama zochepa kuposa mtengo wa kavalo mmodzi.

Ziboda ndi mano tingodutsapo, chifukwa palibe chodandaula chachikulu. Chiboda chopindika sachidula kamodzi. Amasenga pang'ono ndi tupa masabata awiri kapena atatu alionse mpaka chitaima bwino, kenako masabata asanu ndi limodzi mpaka asanu ndi atatu alionse. Chiboda chimakula mamilimita 6 mpaka 10 pamwezi, ndiye kuti mng'alu woyambira pamwamba umatenga miyezi 9 mpaka 12 kuti utsike n'kutha. M'dzinja amakolokosa pansi pa chiboda tsiku lililonse kuti pasawole ndi matope. Mano akuthwa amawapala ndi tupa la m'kamwa akaona timipira ta udzu wotafunidwa titalavulidwa pansi.

Tsopano nkhani yaikulu. Kavalo wanjala ndi wofatsa. Amaima pamene mwamuimika, mwana amadutsa pansi pa mimba yake iye osagwedeza khutu, ndipo aliyense amati uyu anabadwira ana. Koma alibe mphamvu yochitira china. Khalidwe lenileni la kavalo limatuluka akafika pa 5 pa muyeso wa kunenepa uja, n'kukhala pamenepo mwezi umodzi kapena iwiri. Ndi pamene mumadziwa kuti amaluma pomumanga lamba, amathawa njinga yamoto, kapena amamenya theche munthu akachokera kumbuyo. Chikomekome cha mkuyu. Kholali limayamba kuyesa akavalo pa sabata yachisanu ndi chimodzi kapena yachisanu ndi chitatu, nthiti zikuonekabe, ndipo akapambana amauza mwini wake kuti wafatsa, ana atha kuyamba. Kuyesako sikolakwika, cholakwika ndi nthawi yake. Akuyesa kavalo amene pakatha miyezi iwiri adzakhala wina.

Mayesowo pawokha ndi abwino, ndipo anawaganizira za kuno. Amakupiza chitenje pafupi ndi nkhope yake, amatsegula ambulera mwadzidzidzi, amagwetsa ndodo zoyendera pansi pa mimba yake, amakankha njinga ya olumala kuizunguliza, amaponya mpira pamsana, amaliza njinga yamoto chapafupi. Anthu awiri amayenda atamukhudza m'nthiti mbali zonse, chifukwa kavalo wambiri sakonda kupanikizidwa. Amamusenzetsa thumba la mchenga la makilogalamu 20 lopendekera dala mbali imodzi, monga amakhalira mwana wosatha kudzigwira. Koma amangoyang'ana chinthu chimodzi: wathawa kapena sanathawe. Kavalo amene anakula ndi chikwapu anaphunzira kuti kuthawa kumawonjezera chikwapu, ndiye amangouma. Muyang'aneni bwino chitenje chikamakupizidwa. Mutu uli m'mwamba, milomo yamangika, mphuno zatambasuka, choyera cha diso chikuoneka, wasiya kuphethira, mpweya waugwira. Ameneyo sanafatse, akupirira, ndipo tsiku limene kupirirako kudzathe kudzakhala mwana pamsana. Wofatsadi amayang'ana chitenjecho, amachinunkhiza, amatsitsa mutu, amanyambita milomo, mwendo umodzi wakumbuyo n'kuupumitsa. Mwa abulu kuumaku n'kofala koposa, chifukwa bulu akachita mantha chibadwa chake n'kuima.

Tingawalangize zinthu zitatu, zimene mwini kavalo angaumirire ngakhale iwo atakana. Mayeso onse abwerezedwe kavalo atakhala pa 5 miyezi iwiri, m'malo osiyanasiyana ndi anthu osiyanasiyana. Wamphongo afulidwe kaye ndipo papite miyezi, popeza khalidwe lake silitha tsiku lofulalo. Ndiponso msana umangidwe mwana asanakwere. Kunenepa si mphamvu: kavalo amene anadya minofu yake ya pamsana amafunika kuyendetsedwa pa chingwe, kuyambira mphindi 10 patsiku n'kumawonjezera zisanu sabata iliyonse, pambuyo pake kukwera ndi kutsika timapiri, timene kuno sitisowa, kwa masabata asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu. Akatero ayambe kukweredwa ndi munthu wopepuka wodziwa kukwera. Katundu yense, wokwera ndi zoyala pamsana, asapitirire magawo 20 pa 100 a kulemera kwa kavalo, ndipo kwa wokwera wosatha kudzigwira ndi bwino kulekeza pa 15. Kavalo uja wa makilogalamu 323 akachira n'kufika 380, ndiye kuti katundu wa wokwera wotereyu alekeze pa makilogalamu 57. Woyenera ntchitoyi ndi wokhwima, wa zaka zisanu ndi zitatu kupita m'tsogolo, wotalika masentimita 140 mpaka 155 pamapewa, kuti oyenda m'mbali atagwira mwana asamakweze manja kupitirira phewa lawo. Wotsimphina, ngakhale pang'ono, sayenera, chifukwa kayendedwe kake ndiye mankhwalawo.

Chithandizo chokwera akavalochi chinatchuka pamene Lis Hartel wa ku Denmark, amene poliyo inamupuwalitsa miyendo kuyambira m'mawondo, anapata mendulo ya siliva pa masewera a Olympic ku Helsinki mu 1952. Mmene chimagwirira ntchito n'zomveka. Kavalo akamayenda amaponda pafupifupi ka 100 pa mphindi, ndipo phazi lililonse limasuntha chiuno cha wokwera kutsogolo ndi kumbuyo, uku ndi uku, ndi mopotoka pang'ono, mofanana ndi mmene chiuno cha munthu chimachitira poyenda. Pa mphindi 20 mwana amene sanayendepo amadziwongola pafupifupi ka 2,000. Kutentha kwa thupi la kavalo kumathandizanso kumasula ntchafu zolimba za mwana amene ubongo wake unavulala pobadwa, n'chifukwa chake pakholali amayala kansalu kochindikala ndi lamba wa zogwirira m'malo mwa chishalo. Apa akulondola. Amachitanso bwino posauza makolo kuti kavalo achiritsa mwana. Amati amathandiza kukhala tsonga, kulimbitsa khosi ndi msana, ndipo ku mafizo kuchipatala musasiye.

Koma mbali ya mwanayi ndi imene ili yosalimba. Katswiri wa mafizo sakhalapo nthawi zonse, amangofuna kalata ya kuchipatala, ndipo kalatayo nthawi zambiri imangotchula dzina la vuto osanena ngati mwana angakwere. Pali ana osayenera kukwera: amene khunyu lawo silinagonje ku mankhwala, amene fupa la m'chiuno linaguluka, amene ali ndi zilonda za pokhalira, amene msana unapindika kwambiri, ndi mwana wa Down syndrome amene dokotala sanatsimikize kuti mafupa awiri oyamba a khosi lake ndi olimba. Mndandanda umenewu uyenera kukhala pakhoma, ndipo palibe. Zipewa zoteteza mutu n'zochepa, ndipo ana akachuluka amabwereka za njinga yamoto. Chipewa cha njinga yamoto n'cholemera, mwana wa khosi lofooka chimamugwetsera mutu kutsogolo, ntchito yonse ya tsikulo n'kuwonongeka. Chikweza chokwerera anachimanga ndi njerwa ndi dothi, n'cholimba, koma n'chotsetsereka kwambiri. Njinga ya olumala imafuna mamita 12 a kutalika pa mita imodzi ya kukwera, ndipo chawocho munthu mmodzi sangakankhepo mwana wamkulu. Anthu atatu pa mwana mmodzi, wotsogolera kavalo ndi awiri m'mbali, amakwana masiku ambiri, koma wina akajomba amapempha amayi a mwana kuti alowe m'malo osawaonetsa kagwiridwe. Woyenda m'mbali amayala mkono wake pantchafu ya mwana n'kugwira kutsogolo kwa lamba. Sakoka mwana malaya kapena m'chiuno, chifukwa akatopa amamukokera mbali yake. Kutsitsa mwana mwadzidzidzi kavalo akadzidzimuka kumafunika kuyeserera mwezi ndi mwezi, ndani akukumbatira mwana, ndani akuchotsa kavalo, ndipo sizili m'ndondomeko yawo.

Za malipiro, funsani zonse zilembedwe musanatsitse chiweto m'lole. Ndalama ya pamwezi imakwanira chakudya, khola ndi ziboda. Katemera, kufula, kuyeza magazi ndi ulendo wa dokotala wa ziweto n'zapadera, ndipo m'miyezi iwiri yoyamba zimenezi zimaunjikana. Amalandira ndalama pa foni, pa M-Pesa ndi e-Mola. Kope lija la pakhomo limatsala kwa iwo kavalo akamatuluka, choncho jambulani masamba ake onse pa foni, makamaka masiku a katemera. Funsaninso funso limene anthu amaliiwala: akalephera mayeso apita kuti? Ambiri mwa akavalo owomboledwa sadzanyamula mwana wolumala, ena chifukwa cha miyendo, ena chifukwa cha mantha, ndipo kholali lilibe malo owasungira moyo wonse. Popanda pangano amabwerera kumtengo komwe anachokera. Ena mwa iwo, pamodzi ndi abulu, amatha ntchito ya pansi, yoti ana aziwapesa, kuwatsogolera pa chingwe ndi kuwadyetsa, imene imathandiza ana amantha ndi ovutika kulankhula popanda kukwera. Za abulu amadziwa mfundo ziwiri zofunika: ubweya wa bulu umalowa mvula kotero amafuna denga, ndipo bulu amene wasiya kudya tsiku limodzi ndi wodwala kwambiri, mafuta amadzaza m'magazi mwake, dokotala aitanidwe tsiku lomwelo.

Ngati muli ndi kavalo wa 1 kapena 2 pa muyeso wa kunenepa uja m'chigawo cha Tete, mutumizeni kumeneku, masiku khumi oyamba aja simungawakwanitse nokha pakhomo. Mawu awo akuti wafatsa alandireni ngati chiyambi, ndipo mwana wanu asakwere katswiri wa mafizo asanamuone pamalopo. Mukafuna kukaliona kholalo musanaganize, musapite Loweruka m'mawa pamene asesa ndipo ana avala zipewa. Pitani pakati pa sabata cha m'ma 4 koloko madzulo, mu Malichi. Onani ngati akavalo alowa kale, pisani dzanja pakati pa khoma ndi denga, ndipo pemphani akuonetseni thumba la laimu.